Ndikufuna kuyamba thanki ya madzi amchere yokhala ndi makorali kuno ku Johannesburg: ndiyambire pati?

Nachisale, Rosettenville

Moni nonse abale ndi alongo. Ndakhala ndikuweta mbuna m'thanki ya galasi ya malita 200 kwa zaka zingapo, ndipo nsombazi zimakula ndi kuswana bwinobwino popanda vuto lalikulu. Tsopano mnzanga wina wavomera kuzitenga, chifukwa ine mtima uli pa thanki ya madzi amchere yokhala ndi makorali amoyo pamodzi ndi nsomba zochepa za m'nyanja yaikulu. Ndapita m'masitolo awiri ogulitsa nsomba zoweta, koma malangizo omwe ndalandira akusiyana kwambiri, choncho ndaganiza zofunsa kwa inu amene mwaichita kale ntchitoyi mumzinda uno.

Choyamba ndikufuna kudziwa ngati thanki yomwe ndili nayoyi ingagwire ntchito, pamodzi ndi miyala ndi mchenga womwe ulimo. Ndimaganiza kuti popeza mbuna nazonso zimakonda madzi a pH yokwera, monga mmene alili a m'nyanja ya Malawi, mwina kusiyana kwake ndi mchere wokha, moti ndingathe kutunga madzi a pampopi, kuthira mankhwala ochotsa chlorine monga ndimachitira nthawi zonse, kenako n'kuthiramo mchere. Wogulitsa wina anandiuza kuti ndikagula botolo la mabakiteriya ndikhoza kuika nsomba patangotha sabata imodzi, pamene winayo anati ndidikire mwezi wathunthu, ndipo sindikudziwa kuti wolondola ndani.

Nkhawa yanga yaikulu ndi magetsi. Kudera lathu amazima kawirikawiri ngakhale pamene kulibe load shedding, makamaka akuba akadula mawaya, ndipo nthawi zina tsiku lonse limatha asanabwere. Mbuna zimapirira zimenezi, koma ndamva kuti zamoyo za m'madzi amchere sizichedwa kufa. Ndimakhala m'fulati ya lendi pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo ndalama zomwe ndasunga sizokwanira kugula zonse nthawi imodzi. Ndithandizeni kudziwa zoyenera kuyamba kugula ndi zomwe zingadikire.

A Phiri, Kempton Park

Zikomo achemwali pofunsa musanagule kanthu, chifukwa ambiri amabwera kudzafunsa nsomba zitafa kale. Luso lomwe mwalipeza pa mbuna likuthandizani ndithu, koma pa nkhani ya madzi likhoza kukusocheretsani, ndipo ndi pamenepo pomwe ndikufuna kukhazikika.

Madzi a m'mipopi ya Johannesburg amachokera kwa Rand Water, bungwe logawa madzi, amene amawatenga makamaka ku Vaal Dam. Ndi madzi abwino kumwa, koma powateteza ku majeremusi pa ulendo wautali wa m'mapaipi amathiramo chloramine, yemwe sachoka mwa kungosiya madziwo m'ndowa usiku wonse monga amachitira chlorine wamba. Mankhwala omwe mumathira aja amathetsa vuto limeneli, koma sachotsa zina zosungunuka monga silicate, phosphate ndi nitrate, zomwe ndi chakudya cha ndere, komanso kopa yemwe amatha kuchokera m'mapaipi a nyumba zakale. Mbuna sizisamala zimenezi, pamene nkhono, nkhanu ndi makorali zimafa ndi kopa wochepa kwambiri. Chovuta china n'chakuti m'thanki ya madzi amchere mumawonjezera madzi tsiku ndi tsiku m'malo mwa omwe asanduka nthunzi, ndipo zonse zomwe madzi a pampopiwo anabwera nazo zimatsalira mommo n'kumaunjikana mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake chinthu choyamba kugula si nyale kapena nsomba, koma makina osefera madzi otchedwa RO/DI, pamodzi ndi kachipangizo ka TDS koyezera zosungunuka m'madzi. Madzi otuluka m'makinawo aziwerenga 0, ndipo akayamba kuwerenga 1 kapena 2 ndiye kuti nthawi yosintha zosefera yakwana. Makinawa amataya malita pafupifupi 3 kapena 4 pa lita imodzi yabwino, choncho otayikawo muziwasunga kuti muzichapira kapena kukolopera, ndipo abwinowo muzisunga m'mgolo wapulasitiki watsopano wokhala ndi chivundikiro, popeza tonse tikudziwa mmene mipopi imaumira mumzinda uno.

Mchere wake si wa kukhitchini ayi. Ndi mchere wopangidwira makorali, womwe uli ndi calcium, magnesium ndi zina zonse za m'madzi a m'nyanja pa mlingo wake. Pamafunika magalamu pakati pa 36 ndi 38 pa lita iliyonse, malinga ndi mtundu wa mcherewo, ndipo mcherewo ndiwo umathiridwa m'madzi pang'onopang'ono pampu ikuyenda, osati kuthira madzi pa mulu wa mchere, chifukwa mukatero calcium imaundana n'kusanduka ufa woyera womwe susungunukanso. Musadalire sikelo yokha. Gulani refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, muziiyesa ndi madzi oyesera a 35 ppt (magawo 35 a mchere pa 1,000 alionse) omwe amagulitsidwa m'timabotolo, ndipo madzi a m'thanki azikhala pa 35 ppt pomwepo, pomwe pamafanana ndi 1.026 pa muyezo wina wotchedwa specific gravity.

Thanki yanuyo ingagwire ntchito ngati guluu wa m'makona akadali wolimba. Itsukeni ndi viniga ndi madzi okha, osati sopo. Koma miyala ndi mchenga zipite ndi mbunazo, makamaka ngati munathirapo mankhwala a matenda a timadontho toyera, chifukwa ambiri mwa mankhwala amenewo ali ndi kopa ndipo miyala imamuyamwa. Mukufunika mchenga wa aragonite ndi miyala youma yokhala ndi timabowo tambirimbiri, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 10 aliwonse, chifukwa m'timabowomo ndi momwe mabakiteriya amakhala, ndipo miyalayo ndiyo sefa yeniyeni ya thanki yotere. Zonse pamodzi, madzi, galasi, miyala ndi choikapo chake, zidzalemera makilogalamu pafupifupi 300. Popeza thankiyo yakhala kale pamenepo ili yodzaza, kulemera sikusintha kwenikweni, komabe ikhale pafupi ndi khoma, pamalo pomwe dzuwa silifika.

Pa za ogulitsa awiri aja, wolondola ndi amene anati mudikire, ngakhale kuti amene amagamula si kalendala koma zoyezera. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni, ndipo pa pH yokwera ngati 8.2 poizoniyo amakhala woopsa kwambiri. Gulu lina la mabakiteriya limasandutsa ammonia kukhala nitrite, lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate. Dzazani thanki, yatsani pampu ndi heater, nyale ikhale yozima, thiranimo mabakiteriya a m'botolowo ngati mwagula, kenako thirani ammonium chloride mpaka choyezera chiwerenge 2 ppm (magawo awiri pa miliyoni). Kawirikawiri zimatenga masabata 4 mpaka 6. Tsiku lomwe mudzathire 2 ppm n'kupeza mawa lake ammonia ndi nitrite zonse zili pa 0, ndiye kuti thanki yakonzeka kulandira nsomba ziwiri zoyamba.

Ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi kuti chisadzakufooketseni. Mukadzayamba kuyatsa nyale, patapita masiku ochepa mudzadzuka m'mawa n'kupeza mchenga woyera uja wasanduka wofiirira ngati munthu wauwaza nsinjiro, ndipo galasi lomwe munapukuta dzulo lachitanso chimodzimodzi. Timeneto ndi tizomera totchedwa diatoms, tomwe timadya silicate wa mumchenga watsopano, ndipo silicate akatha timatha tokha m'masabata ochepa. Musagule mankhwala aliwonse. Imeneyo ndiyo nthawi yoika nkhono za mtundu wa Trochus zingapo, ndipo mudzaona tinjira toyera tomwe zimasiya pagalasi usiku zikamadya.

A Mbewe, Turffontein

Ndikugwirizana ndi zonse zomwe a Phiri anena. Ine ntchito yanga ndi ya zamagetsi, ndipo ndikufuna kuyankha nkhawa yanu yaikuluyo, chifukwa ndi yomveka ndipo kuno kwathu ili ndi mbali ina yomwe malangizo olembedwa kunja saitchula.

Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo mphamvu ya mpweya kuno ndi yotsika ndi magawo pafupifupi 18 pa 100 alionse poyerekeza ndi ku Durban. Zimenezi zikutanthauza kuti okosijeni wolowa m'madzi ndi wocheperanso ndi mlingo womwewo. Onjezani apo kuti madzi amchere amasunga okosijeni wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi madzi opanda mchere, ndiponso kuti madzi ofunda amasunga wochepa kuposa ozizira. Choncho thanki yanu imayamba kale ndi nkhokwe yaing'ono, ndipo mapampu akaima, nsomba, makorali ndi mabakiteriya a m'miyala zonse zimapitiriza kupuma. Pakatha maola ochepa nsomba zimakwera pamwamba n'kumapuma mofulumira. Chimene chimayamba kupha magetsi akazima ndi kuima kwa madzi. Kuzizira kumabwera pambuyo, ndipo mdima ndiwo wosadetsa nkhawa, chifukwa makorali amatha masiku awiri kapena atatu opanda nyale osavulala.

Mukadziwa zimenezi muona kuti simukufunika batire yoyendetsa zonse. Tiyeni tiwerengere. Batire ya 12V 100Ah imasunga mphamvu pafupifupi 1,200 Wh, ndipo ngati ili ya mtundu wakale wa asidi muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha kuti isafe msanga, lomwe ndi 600 Wh. Mapampu awiri ang'onoang'ono ogwedeza madzi, odya 30W onse pamodzi, ayenda maola pafupifupi 20 pa mphamvu imeneyo. Koma mukalumikizapo heater ya 200W, m'maola atatu yatha. Ndiye ku inverter, chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, kulumikizidwe mapampu okha, ndipo imodzi iloze pamwamba kuti madzi aziwinduka, popeza ndi pamenepo pomwe mpweya umalowera. Ngati ndalama zilola, batire ya lithium ndi yabwino chifukwa imapirira kutsitsidwa kwambiri. Mu 2023, pamene Eskom, kampani ya magetsi, inkafika pa stage 6 ya load shedding ndipo magetsi ankazima kangapo patsiku, nthawi zina maola anayi motsatizana, mabatire a asidi ambiri anafa chifukwa sankapeza nthawi yodzaza. Gulaninso kapampu ka mpweya koyendera mabatire komwe kamadziyatsa kokha magetsi akazima. Ndi kotsika mtengo, ndipo kamagwira ntchito ngakhale inu muli kuntchito. Pa kutentha, fundikani thanki ndi bulangete kumbali zonse, ndipo magetsi akachedwa kwambiri, tenthetsani madzi pa chitofu cha gasi, muwathire m'mabotolo otsekeka bwino n'kuwayandamitsa m'thankimo.

Kutentha koyenera ndi madigiri 25 kapena 26. Mu Juni ndi Julayi usiku kunja kumazizira mpaka pafupi ndi 0, ndipo nyumba zathu zambiri sizisunga kutentha. Ndi bwino kukhala ndi ma heater awiri a 150W kusiyana ndi imodzi yaikulu, chifukwa imodzi ikafa inayo imagwirizira, ndipo ina ikakanirira osazima siingawiritse thanki mofulumira. M'chilimwe, madzi akayandikira madigiri 28, kafani kakang'ono kopemerera pamwamba pa madzi kamatsitsa kutentha mokwanira.

Mpweya wa kuno ndi wouma kwambiri m'nyengo yozizira, moti thanki yanga ya malita 250 imataya malita pafupifupi atatu patsiku. Kumbukirani kuti chimene chimachoka ndi madzi okha, mchere umatsala, ndiye powonjezera muzithira madzi a RO opanda mchere. Jambulani kamzere pagalasi ndipo muzidzaza mpaka pamenepo tsiku lililonse, kufikira mutadzagula kachipangizo kodzaza kokha.

Pomaliza, madzi amchere amayendetsa magetsi kwambiri. Yesani earth leakage ya m'fulati mwanu, switchi yomwe imazimitsa magetsi akayamba kudutsa posayenera, mwa kudina batani lake kuti mutsimikize kuti imazimitsadi. Mapulagi onse akhale pakhoma, osati pansi, ndipo chingwe chilichonse chizitsika kaye pansi pa pulagi chisanakwere, kuti dontho likamatsetsereka lizigwa lisanafike ku magetsi. Muzipukutanso mchere womwe umauma m'mphepete mwa thanki ndi pa zingwe. Popeza mvula ya kuno imabwera ndi mphenzi zoopsa, musaiwale chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu.

Nabanda, Midrand

Abambo awiriwa afotokoza bwino za madzi ndi magetsi, ine ndinene za zamoyozo. Musalole munthu kukunyengererani kuti mugule kathanki ka malita 40 poti n'kotsika mtengo. Malita 200 ndi abwino kwa woyamba, chifukwa madzi akachuluka mchere ndi kutentha sizisinthasintha msanga.

Chizolowezi cha mbuna chomwe muyenera kuchisiya ndi chodzaza nsomba. Mbuna timaziika zambiri dala kuti yaukali isapeze imodzi yoizunza, koma kuno nsomba zing'onozing'ono 5 kapena 6 zakwana, ndipo zizilowa ziwiri kapena imodzi pakapita masabata angapo. Yambani ndi clownfish ziwiri za mtundu wa ocellaris zobadwira m'thanki, osati zogwidwa m'nyanja. Gulani zazing'ono, ndipo yomwe idzakule kuposa inzake ndiyo idzasanduke yaikazi, popeza umo ndi mmene nsombazi zimakhalira. Sizifunika anemone, chamoyo chooneka ngati duwa chomwe zimabisalamo m'nyanja, kuti zikhale ndi moyo, ndipo anemone musamugule thanki isanathe chaka. Pambuyo pake mungaonjezere royal gramma, firefish kapena goby wachikasu. Firefish amalumpha, choncho pakhale ukonde pamwamba. Blue tang ndi wokongola koma amakula mpaka masentimita oposa 25 ndipo thanki yanu ndi yaing'ono kwa iye, pamene mandarin amadya tizilombo tamoyo ta m'miyala tomwe m'thanki yatsopano mulibe, ndipo amaonda mpaka kufa mwini wake akuona.

Chinthu chomwe ndingachiike patsogolo ngakhale pa nyale yodula ndi kathanki kachiwiri, ka malita 40 kapena 60, kopanda miyala, komwe nsomba yatsopano iliyonse izikhalamo masabata anayi isanalowe m'thanki yaikulu. Matenda a timadontho toyera a m'madzi amchere amayamba ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans, ndipo mankhwala ake odalirika ndi kopa, yemwe simungamuthire momwe muli makorali. Kachilomboka kakalowa m'thanki yaikulu muyenera kutulutsa nsomba zonse, zomwe nthawi zambiri zimafuna kuphwasula miyala, kenako thankiyo ikhale yopanda nsomba masabata pafupifupi 11.

Makorali adikire mpaka ndere zoyamba zitachepa, mwina mwezi wachitatu. Yambani ndi ofewa monga mushroom, leather ndi green star polyps, ngakhale kuti omalizawa ndi bwino kuwaika pa mwala wawokha chifukwa amafalikira n'kukwirira anzawo. Makorali olimba monga hammer ndi torch abwere mukazolowera kuyeza madzi, ndipo Acropora musamuganizire chaka choyamba. M'thupi mwa makorali ambiri mumakhala tindere tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, tomwe timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo korali akavutika ndi kutentha kapena kuwala kochuluka mwadzidzidzi amatitulutsa n'kuyera mbee. Nyale ya LED muiyambe pa mphamvu yochepa, maola 8 kapena 9 patsiku, n'kumakweza pang'onopang'ono. Alkalinity, yomwe ndi mphamvu ya madzi yoletsa pH kutsika, ikhale pakati pa 8 ndi 9 pa muyezo wa dKH, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm, magnesium pakati pa 1,250 ndi 1,350 ppm, koma musathamangitse manambala ndi mabotolo a mankhwala. Kusintha malita 20 sabata iliyonse kumabwezeretsa zonse zomwe makorali ofewa amadya. Nitrate ndi phosphate zikhale zochepa koma zisafike pa 0, chifukwa makorali nawonso amazifuna.

Pa skimmer, chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, ndikusiyana pang'ono ndi amene amati woyamba angakhale wopanda. Kwina zimatheka, koma pa zomwe a Mbewe anena za okosijeni, ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuno, popeza imasakaniza madzi ndi mpweya usana ndi usiku kwinaku ikuchotsa zonyansa.

Chenjezo lomwe sindingalisiye ndi la zoanthid ndi Palythoa, omwe ogulitsa amakonda kupatsa oyamba. Ena mwa iwo ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi ndi magalasi powagwira, musawagwire muli ndi bala, ndipo musadzawiritse mwala wochokera m'thanki kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala. Ngati pakhomo pali ana, yambani mwawasiya.

Nachisale, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Ndaona kuti ndiyambe ndi makina a RO/DI, batire, zoyezera, mchere ndi miyala, nyale ndi skimmer zibwere thanki ikukhwima. Ndili ndi mafunso ena awiri. Mu Disembala ndikupita ku Durban, ndiye ndimaganiza ngati ndingatengeko miyala ya m'nyanja, madzi m'zigubu ndi timakorali tochepa kuti ndichepetse ndalama. Komanso mwini nyumba salola kuboola kapena kusintha mapaipi, kodi makina a RO ndingawalumikize bwanji?

A Phiri, Kempton Park

Za ku Durban zisiyeni achemwali. Zamoyo za m'nyanja ya dziko lino zimatetezedwa ndi lamulo la Marine Living Resources Act la mu 1998, ndipo kuzitola popanda chilolezo ndi mlandu. Makorali otchuka a ku KwaZulu-Natal ali ku Sodwana Bay, mkati mwa iSimangaliso Wetland Park, malo omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999, ndipo kumeneko sikololedwa kuthyola kapena kutola kanthu pa matanthwe. Makorali onse olimba alinso pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, n'chifukwa chake obwera kuchokera kunja amayenda ndi zikalata. Kwa ife amene tili m'dziko la eni, mlandu wotere ukhozanso kusokoneza mapepala athu.

Ngakhale pakanapanda lamulo, phindu palibe. Ulendo wa makilomita pafupifupi 570 m'galimoto yotentha ya mu Disembala umapha zambiri za pa mwala, ndipo zikamaola zimadzaza thanki ndi ammonia. Zopulumuka nthawi zambiri ndi zosafunika, monga nkhanu zodya nsomba ndi anemone waung'ono wotchedwa Aiptasia, yemwe amawotcha makorali ndipo amavuta kumuthetsa. Madzi a m'mphepete mwa mzindawo nawonso sodalirika, popeza chigumula cha mu Epulo 2022 chitawononga mapaipi a zonyansa, magombe ena akhala akutsekedwa mobwerezabwereza chifukwa cha mabakiteriya a m'zonyansa otchedwa E. coli. Ku Durban kacheze ku uShaka Marine World, mukaone mmene amasanjira miyala ndi mmene madzi amagwedezera makorali. Njira yeniyeni yochepetsera ndalama ili kuno ku Gauteng, kumene oweta ambiri amadula tizidutswa ta makorali awo n'kugulitsa motsika mtengo kapena kusinthana. Tizidutswa timeneti tazolowera kale moyo wa m'thanki, koma muzitiviika kaye m'mankhwala otsukira makorali musanatiike.

Za makina a RO sizovuta. Pa mpopi wa makina ochapira zovala mangani cholumikizira chogawa pawiri, mbali ina ipite ku makina ochapira, ina ku kapaipi ka RO, ndipo kapaipi ka madzi otayika kalowe m'ndowa kapena m'sinki. Palibe choboola, ndipo posamuka mumangomasula. Pogula muwauze kuti madzi anu ali ndi chloramine kuti akupatseni zosefera za carbon ziwiri zoyenera. Funsaninso za kapampu kowonjezera mphamvu ya madzi, chifukwa m'mafulati a pamwamba madzi amafika ofooka, ndipo m'nyengo yozizira makinawa amatulutsa madzi pang'onopang'ono kwambiri.